Kukhazikitsa gulu la alembi la agogo ndi adzukulu mu Lusaka: poyambira ndi posamala

Chimene chimapha msanga gulu la alembi losakaniza mibadwo ndi ulemu womwe tinaleredwa nawowu. Mnyamata amene wangomaliza giredi 12 sangauze munthu wa imvi kuti ndime yake yachiwiri yatalika, ndipo wamkulu akangoti "ichi si Chichewa", mtsikana amapinda pepala lake, Loweruka linalo simumuonanso. Tsono ntchito yaikulu ndi kukonza njira yoti cholembedwa chikonzedwe mosanyengerera, mwini wake ulemu uli chikhalire. Za malo, tsiku ndi ndalama n'zopepukirapo, tizidutsa mofulumira.

Choyamba, sankhani anthu

Yambani ndi anthu 6 mpaka 9. Pa msonkhano wa maola awiri mumatha kumva zolemba zitatu zokha, ndiye mukakhala 9 aliyense amawerengeredwa kamodzi pa misonkhano itatu. Mukapitirira pamenepo munthu amadikira miyezi iwiri, mtima wolemba n'kuzirala. Dziwaninso kuti lamulo la mabungwe la dziko lino limaona gulu la anthu 10 kapena kuposa ngati bungwe loyenera kulembetsa kwa Registrar of Societies, choncho mukadzakula mudzakonzekere zimenezo kapena mudzagawike pawiri.

Pa msinkhu uliwonse pakhale anthu osachepera awiri: achikulire awiri, apakati awiri, achinyamata awiri. Wachikulire akakhala yekha amasanduka mphunzitsi, ena onse ana asukulu. Wachinyamata akakhala yekha amasanduka wotumidwa, ndiye wokagula zitumbuwa, ndiye wosesa, ndiye wotayipira aliyense. Wotsogolera zokambirana achokere pakati, munthu wa zaka za m'ma 40 kapena 50, amene angathe kudula agogo mawu mwaulemu komanso amene achinyamata samuopa.

Anthuwa simuwapeza polengeza pa Facebook pokha, chifukwa kumeneko mudzangokolola a msinkhu umodzi. Funsani aphunzitsi opuma ntchito, a kwaya, amayi a m'mabungwe a tchalitchi, achinyamata a masewero ndi olakatula, ngakhale amalume aja okonza nsapato pa msika amene akayamba kusimba anthu amaiwala zimene anabwerera. Munthu wodziwa kusimba koma wovutika kulemba mulandireni ndi manja awiri, pali njira yake imene tifotokoze kutsogoloku. Amene simuyenera kuwaika m'gulu limodzi ndi mkamwini ndi apongozi ake, bwana ndi wantchito wake, kapena mphunzitsi ndi mwana amene akumuphunzitsa panopa. Wosakwana zaka 18 abwere ndi chilolezo cha makolo, ndipo asamakumane ndi wamkulu aliyense kwa awiriwiri pamalo obisika.

Malo ndi tsiku

Pezani malo amene wamkulu kuposa onse angafikeko pokwera minibasi imodzi kapena poyenda pansi. Agogo a ku Matero akamatsika m'tauni n'kukakweranso ina ya ku Mtendere, adzabwera katatu basi. Ndi bwino gulu likhale la dera limodzi: Chilenje, Libala ndi Kabwata pamodzi, kapena Kalingalinga ndi Mtendere, kapena Chawama ndi makomboni oyandikana nayo.

Kalasi ya pasukulu kapena kachipinda ka patchalitchi zimachita bwino. M'laibulale muli bata, koma mufunse kaye ngati amalola kuwerenga mokweza. Kunyumba kwa membala wamkulu musakumaneko kawirikawiri, poti mlendo satsutsa mwini khomo. Yang'anani denga: malata opanda siling'i mvula ikagwa simumvana, ndipo mvula ya kuno imayamba cha mu Novembala mpaka Epulo. Kumadera kumene madzi amasefukira, monga mbali zina za Kanyama, gwirizaniranitu kuti Januwale ndi Febuluwale muzikumana malo ena. Mipando ikhale yozungulira, yofanana kutalika, popanda tebulo la kutsogolo.

Kumanani kawiri pamwezi, kuyambira 2 koloko masana mpaka 4 koloko, kuti aliyense afike kwawo kusanade. Loweruka limavuta kwa a Sabata ndiponso kuli maukwati. Lamulungu masana kuli miphakati ndi misonkhano ya mipingo. Sankhani limodzi, musalisinthesinthe. Maliro adzagwa ndithu, ndiye lamulo likhale loti anthu anayi akapezeka msonkhano uchitika, kupatula ngati malirowo agwera mmodzi wa inu, pamenepo nonse mupite kukakhuza.

Msonkhano woyamba

Tsiku limeneli pasakhale kudzudzula kulikonse. Aliyense anene dzina limene akufuna kuitanidwa nalo, kaya agogo, amalume, amayi, aNaphiri, kaya "ba" wa kuno ku Lusaka patsogolo pa dzina. Kenaka gwirizanani chinthu chimene chimaoneka chaching'ono koma chimasintha mpweya wonse: m'gulu muno aliyense ndi "inu", ngakhale mwana wa zaka 16. Mtsikana akamva munthu wa msinkhu wa agogo ake akuti "inu mwalemba bwino apa", msana umawongoka.

Lembani malamulo patsamba loyamba la kope la gulu, asapitirire asanu. Atatu awa asasowepo: zowerengedwa muno sizituluka popanda chilolezo cha mwini wake, mwini nkhani sayankha mpaka onse atalankhula, ndipo nthawi ikakwana yakwana kwa aliyense. Mukatero lembani pamodzi kwa mphindi 15 pa mutu umodzi, monga "tsiku limene ndinafika mu Lusaka" kwa obwera, ndi "nyumba yoyamba imene ndikukumbukira" kwa obadwira kuno. Aliyense awerenge mizere isanu, muombe m'manja, mubalalike.

Mmene maola awiriwo ayendere

Mphindi 10 za malonje, chifukwa wamkulu sungamulowetse m'ntchito usanamufunse za kunyumba. Mphindi 15 zolemba pamodzi. Kenaka zolemba zitatu, chilichonse mphindi 25, ndi kapumulo ka tiyi ka mphindi 10 pambuyo pa chachiwiri. Mphindi 10 zomaliza n'zosankha owerengeredwa ulendo wotsatira.

Mphindi 25 zija muzigawe motere: 7 zowerenga, 3 zokhala chete aliyense akulemba maganizo ake, 12 za ndemanga, 3 za mwini nkhani. Mphindi 7 zimakwana mawu pafupifupi 700, amene ndi masamba anayi kapena asanu a kope lolemba pamanja. Nkhani yaitali idulidwe m'zigawo. Wosunga nthawi aike foni pakati kuti ilire yokha. Belu la foni silichita manyazi ndi imvi, pamene mwana wotumidwa kuti aimitse agogo amangoyang'ana pansi.

Cholembedwa chisawerengedwe ndi mwini wake. Cha wamkulu awerenge wachinyamata, cha wachinyamata awerenge wamkulu. Mwini nkhani akamawerenga yekha amaphimba mabowo ndi mawu ake okoma, amakweza pano, amatsitsa apo, omvera n'kutengeka. Wina akawerenga, paliponse pamene wapunthwa pali chilema. Izi n'zofunika kwambiri m'chinenero chathu chifukwa sitilemba kakwezedwe ka mawu: "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika zimalembedwa chimodzimodzi, "khungu" la pathupi ndi "khungu" la maso chimodzimodzinso. Wowerenga akatchula molakwika, ndiye kuti chiganizocho sichinamutsogolere bwino. Mwini wake aike kachizindikiro pamenepo, osamuwongolera. Bweretsani makope atatu a fotokope, anthu aziyang'ana awiriawiri kapena atatuatatu, ndipo zotayipa zikhale ndi zilembo zazikulu, saizi 14, chifukwa cha maso a achikulire.

Tsopano pa ndemanga, pamene pagona nkhani yonse. Ayambe kulankhula wamng'ono kuposa onse, wamkulu atsirize. Mukayamba ndi wamkulu, otsatira onse adzangoti "monga anenera agogo", basi zatha. Achikulire sakhumudwa ndi dongosolo limeneli mukawakumbutsa kuti ngakhale pabwalo la milandu kumudzi, mfumu imalankhula pomaliza.

Aliyense ali ndi mphindi imodzi ndi theka, ndipo ayankhe mafunso atatu okha. Ndi mawu ati amene andikhalira m'mutu? Ndinasokera pati? Ndi chiyani chimene ndikufuna kudziwa koma sichinanenedwe? Onani kuti mafunso onsewa akunena za womvera. Mdzukulu sakunena kuti "agogo mwalakwitsa", akunena kuti "agogo, ine ndinasokera pamene amalume aja analowa, sindinadziwe ngati ndi aja a ku Katete kapena ena". Kusokera ndi kwake, ulemu wasungika, koma agogo amva bwinobwino kuti ndimeyo ikufuna kukonza. Mawu oti "zabwino" okha saloledwa. Wonena atchule chiganizo chake chenicheni. Mawu oti "ndikanakhala ine" saloledwanso.

Tiyerekeze kuti wachikulire walemba kuti: "Kale zinthu zinali zovuta koma anthu tinali okondana." Chiganizo chotere aliyense amagwedezera mutu koma palibe chimene waona. Wachinyamata afunse funso lachitatu lija: "Amayi, chinavuta n'chiyani tsiku limenelo? Munadzuka nthawi yanji? Munanyamula chiyani?" Mayankho ake ndi amene amabweretsa mzere wa ufa umene anthu ankaima kusanache m'zaka za m'ma 1980, kakuponi kogulira ufa kopindidwa kanayi komangidwa pa mfundo ya chitenje, mwana kumsana akulira, ndi mayi woyandikana naye amene anamusungira malo. Wotsogolera anene pomwepo kuti "zimene mwanenazi, lembani momwemo". Achikulire ambiri amasimba bwino pakamwa koma akagwira cholembera amayamba kulalikira, ndipo mankhwala ake ndi mafunso a ana.

Mbali inayo imachitikanso. Wachinyamata amalemba maliro a kumudzi amene anangowaonera patali, anthu akulira mosasiyanitsa, manda akukumbidwa ndi ana a malemu. Wamkulu asanene kuti "ana a masiku ano simudziwa mwambo". Anene chimene akudziwa: kuti kwa Achewa manda amakumba adzukulu, kuti amayi amakhala m'nyumba ya siwa pamene abambo ali panja pamoto, kuti mwini mbumba ndi malume. Zimenezi ndi mphatso, ndipo wolemba ali ndi ufulu wozitenga kapena kuzisiya.

Mphindi zitatu zomaliza mwini nkhani athokoze, afunse pamene sanamvetse, basi. Asadziteteze. Pepala silidzayenda ndi mwini wake kukafotokozera owerenga.

Mkangano wa chinenero

Udzabuka pa msonkhano wachiwiri kapena wachitatu, ndiye ukonzekereni. Wobadwira ku Chadiza kapena ku Katete amati "tsopano", "ndikufuna", "makala", "mnkhwani", "kholowa". Wobadwira mu Lusaka amati "manje", "nifuna", "malasha", "chibwabwa", "kalembula". Chinyanja cha m'tauni chatenga mawu ku Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi, ndipo ndicho chimene mzindawu umagulira, kukangana ndi kufunsirana. Wachikulire akachitcha chowonongeka, mwataya achinyamata onse. Wachinyamata akaseka Chichewa cha kumudzi kuti n'chovuta, mwataya nkhokwe ya mawu.

Funso lothetsa mkanganowu ndi limodzi: akulankhula ndani m'nkhanimo? Kondakitala wa minibasi pa siteshoni ya Kulima Tower alankhule monga amalankhulira, agogo a ku Mkaika alankhulenso mwawo. Cholakwika ndi pamene kondakitala akuyankhula ngati buku la sukulu, kapena nyakwawa ya kumudzi ikuti "manje". Wosimba nkhani asankhe chinenero chimodzi n'kukhala nacho mpaka kumapeto. Kumapeto kwa kope la gulu siyani masamba khumi a mawu: mawu atsopano, tanthauzo lake, amene wawabweretsa ndi kumene amanenedwa. Agogo alembemo awo, adzukulu awo. Pakatha chaka masamba amenewa amakhala chuma.

Kalembedwe nakonso kali pawiri. Malamulo amene Unduna wa Zamaphunziro wa Zambia unavomereza mu 1977 amalemba "caka", "cinthu", "nchito", pamene a ku Malawi amalemba "chaka", "chinthu", "ntchito". Onse ndi olondola kwawo. Wolemba aliyense asankhe kamodzi, asasakanize m'nkhani imodzi. Ngati cholinga n'chakuti nkhaniyo ikawerengedwe m'sukulu za muno, atsate ka Zambia. Zolakwika za kalembedwe musazikambe pagulu, zimadya nthawi ndipo zimachititsa manyazi amene sukulu sanapite nayo patali. Zilembeni ndi pensulo pa fotokope, mum'patse mwini wake potuluka.

Ntchito ya awiriawiri

Pakati pa misonkhano, wachikulire aliyense akhale ndi mnzake wachinyamata kwa miyezi itatu, kenaka musinthe. Apa ndi pamene wodziwa kusimba uja amalowera. Wachinyamata ajambule mawu pafoni, mphindi 10 zokha pa ulendo umodzi, foni ili pa nsalu yopinda pafupi ndi wosimba, wailesi itazimitsidwa. Musapitirire mphindi 10, chifukwa kuzilemba kumatenga ola lathunthu kapena kuposa, ndipo amene wajambula ola limodzi sadzamaliza. Alembe mawu momwe anenedwera, osakongoletsa, kenaka akawawerengere mwini wake kuti achotse ndi kuwonjezera yekha. Nkhaniyo ndi ya wosimba, dzina la wolembayo liikidwe pansi ngati wothandiza. Gwirizanani zimenezi musanayambe.

Kuti wachinyamata asakhale kalaliki chabe, ulendo womwewo awerengere wamkuluyo tsamba limodzi la zolemba zake, alandire ndemanga. Ngati mbali imodzi yokha ndiyo ikupereka, ubalewo sutha miyezi itatu.

Mitu yabwino kwambiri ndi imene mibadwo iwiri imaiona mosiyana. Wamkulu alembe za Epulo 1993, pamene ndege ya timu ya mpira ya dziko lino inagwa m'nyanja kufupi ndi Gabon. Wamng'ono alembe za usiku wa mu Febuluwale 2012 pamene timu ya dzikoyo, Chipolopolo, inatenga chikho cha Africa ku Libreville, likulu la Gabon komweko. Wina alembe za kalata yodikira mwezi wathunthu kuchokera ku Chipata, wina za uthenga wa pafoni umene waonedwa koma sunayankhidwe. Achikulire amathandizanso kugwira zolakwika za nthawi: nkhani ya mu 2005 singatchule mitengo ya lero, poti kwacha inachotsedwa maziro atatu mu Januwale 2013, ndipo munthu wa mu 1985 wopita kummawa amakwera basi ya kampani ya boma ya UBZ, foni m'thumba alibe.

Ndalama ndi WhatsApp

Chopereka chikhale chaching'ono, chosaposa mtengo wa minibasi ulendo umodzi, cha tiyi ndi fotokope. Ana asukulu ndi okalamba opanda penshoni asakakamizidwe. Msungichuma alembe m'kope ndi kuwerenga poyera mwezi uliwonse. Musasandutse gululi chilimba ndipo musabwereketsane ndalama za m'thumba la gulu, chifukwa wangongole amayamba kujomba.

Gulu la WhatsApp likhale la zidziwitso zokha: tsiku, malo, owerengeredwa. Ndemanga za zolemba zisaperekedwe pamenepo, mawu olembedwa pafoni amaoneka aukali kuposa mmene mwini wake amafunira. Amene alibe foni ya intaneti aimbiridwe ndi mnzake wa awiriawiri uja kutatsala tsiku limodzi. Poti magetsi amazimazima, fotokope ipangidwe kutatsala masiku awiri, osati m'mawa wa tsikulo.

Zikayamba kupotoka

Wamkulu mmodzi akamatenga mphindi khumi pa ndemanga iliyonse n'kumathera pa ulaliki, wotsogolera asamudzudzule pagulu. Apite kwawo ndi wachikulire mnzake, akamupatse udindo wooneka: mphindi zisanu za mwambi kapena chilapi kumayambiriro kwa msonkhano uliwonse. Nthawi zambiri munthu wotere amangofuna malo ake odziwika. Achinyamata akamakhala chete misonkhano iwiri yotsatizana, bwererani ku mapepala: aliyense alembe mayankho atatu aja popanda dzina, wotsogolera awerenge.

Pali nkhani zimene mwana sangawerenge pamaso pa munthu wa msinkhu wa makolo ake, za chikondi, za kuchipinda, za nkhanza za m'banja. Musaziletse, chifukwa nthawi zambiri ndi zomwe zili pamtima. Mwini wake auziretu wotsogolera, ndipo kamodzi pa miyezi iwiri gulu ligawike kwa ola limodzi, amayi paokha, abambo paokha, kapena achinyamata paokha. Wina akalira powerengeredwa nkhani yake, imitsani belu, m'patseni madzi, mufunse ngati akufuna ndemanga lero kapena tsiku lina. Ndipo musafunse kuti "kodi zimenezi zinakuchitikirani inuyo?" Za kudambwe ndi za kutsimba zili ndi eni ake: wolemba akafika pamenepo, achikulire amuuze pamene pali malire, iye alembe zimene zimaonekera pabwalo.

Za ndale za zipani zisalowe m'malonje. Zikalowa m'nkhani yolembedwa, zikambidwe ngati nkhani, ndi mafunso atatu omwe aja.

Munthu akajomba katatu osanena, mnzake wa awiriawiri akamuone kunyumba. Mwina ndi matenda, mwina ndi ndalama ya basi, mwina pali mawu amene anamulasa. Watsopano abwere kawiri kudzangomvera asanawerengeredwe, ndipo musalandire oposa mmodzi pa mwezi.

Pakatha chaka

Sonkhanitsani cholembedwa chimodzi cha munthu aliyense, chimene chadutsa pagulu kawiri, mupange kabuku. Mapepala 10 a A4 osindikiza mbali zonse n'kupinda pakati amapereka masamba 40. Kumbukirani kuti masamba a kabuku kopinda amayenda anayianayi, ndiye chiwerengero chake chigawike ndi 4. Akonzi akhale awiri, wamkulu ndi wamng'ono, ndipo pasasinthidwe liwu popanda mwini wake kuona. Aliyense asaine kapepala kololeza kuti nkhani yake isindikizidwe m'kabukuko kokha, umwini ukhalabe wake. Mayina a anthu enieni otchulidwa m'nkhani za m'banja asinthidwe pokhapokha eni ake atalola. Yambani ndi makope 30, ndipo limodzi mukapereke ku National Archives of Zambia, nkhokwe ya boma yosungira zolembedwa, kumene lamulo limafuna kuti mabuku osindikizidwa m'dziko muno azikasiyidwa. Tsiku lowerenga poyera itanani mabanja, muyale mphasa kutsogolo kwa ana, ndipo dongosolo likhale lomwe lija: mdzukulu awerenge cha agogo, agogo awerenge cha mdzukulu.